Anankafumbwe a m'foni

 Kuno kwathu pakamwa timayankhula Chisenga, koma ndalemba m'Chinyanja monga mwa masiku onse kuti mawu afike patali. Ya lero ndi yaitali ndithu, pezani pokhala. Ndi nkhani ya foni, koma m'kati mwake muli ndalama zanu.

Pali funso limodzi limene likundipeza kawirikawiri, pakhomo la tchalitchi tikaweruka ndiponso pa benchi yanga kumsika: "Adada, ka app aka ndinakachotsa mwezi watha, manje kabwerera bwanji?" M'nyumba ina mwana analandira mbama yosalakwa, ati ndiye amaseweretsa foni. Wina anakangana ndi wokonza mafoni, ati anamuikira dala. Agogo ena mpaka anafika poganiza kuti pali dzanja la munthu. Ayi abale, palibe ufiti apa. App imene inabwera ndi foni kuchokera ku fakitale sichoka pongoifufuta. Imagona chabe, ndipo foni ikalandira update kawirikawiri imadzuka. Mankhwala ake ndi kuitsekera njira, ndi kuyang'ananso nthawi iliyonse update ikatha. Zotsalazi ndikufotokoza chifukwa chake ndi kachitidwe kake.

Ife ogulitsa mpunga wa Chama timamudziwa nankafumbwe. Umapeta mpunga m'lichero, kuuanika padzuwa, tizilombo tonse n'kuthawa. Umamanga thumba mtima uli mbee. Pakapita masabata, kutsegula thumba lomwelo, apo ali yakaliyakali. Analowera kuti? Sanalowe ayi, anali momwemo. Nankafumbwe wamkazi amaboola njere, kuikira dzira m'kati, n'kumata pabowopo. Iwe popeta unachotsa amene amayenda poyera, mazira anatsala m'njere. Ndi chifukwa chake alangizi amatiuza za matumba aja osalowa mpweya a PICS. Thumba lotere silichotsa dzira m'njere, koma limamana kachilomboko mpweya, ndiye sikakula, sikaswana. Sungani chithunzi chimenechi m'mutu, chifukwa za foni zikuyenda chimodzimodzi.

Mafoni ambiri amene tili nawo kuno amayendera Android, pulogalamu ya kampani ya Google. M'kati mwa foni yotere muli ngati zipinda ziwiri. Chipinda choyamba ndi chanu. Mmenemo mumakhala zithunzi, manambala, mauthenga ndi ma app amene mwaika nokha, ndipo mukachotsa kanthu mmenemo kachokadi. Chipinda chachiwiri ndi cha opanga foni, chokhoma, kiyi anatsala nayo iwo. Foni imatha kuwerenga za mmenemo koma inu simungafufutemo kalikonse. Mmenemo ndi mmene muli zofunika monga choimbira, cholembera mauthenga ndi kamera. Koma opanga ambiri amaunjikamonso zawo: timasewero, tonena nkhani, toyeretsa foni, msika wawo wa ma app, ndi ma app a makampani ena. Mukapita pa app ya m'chipinda ichi n'kudina Uninstall updates, mwangoivula zovala zatsopano, yokhayo ili momwemo monga inachokera ku fakitale. Update yaikulu ikabwera, opanga amalemba chipinda chawo chonse mwatsopano, ndipo akhoza kuonjezeramo alendo ena amene simunawaonepo.

Njira yachiwiri yobwerera ndi ya kapitawo. Pali ma app ena osaoneka pa sikirini amene ntchito yawo ndi kuitana anzawo. Pa mafoni ambiri, mukauza foni kuti ionetse ma app obisika, mupeza maina monga Facebook App Installer ndi Facebook App Manager, kapena Meta App Installer ndi Meta App Manager, amene amasamalira ma app a kampani imeneyo pa foni yanu. Opanga mafoni nawonso ali ndi akapitawo awo. Update ikatha, foni imakufunsani kuti mumalize kukonza, n'kukuonetsani mndandanda wa ma app ochongedwa kale. Munthu ali pa changu, kasitomala waima, amangodina Next, Next, Next. Basi wasaina yekha, alendo khumi alowa. Njira yachitatu ndi yathu yomwe: mukasintha foni kapena kuichita reset, akaunti yanu ya Google imafuna kubwezeretsa zonse zimene zinali pa foni yakale, zabwino ndi zinyalala zomwe.

Nanga opangawo amachitiranji zimenezi? Ndi malonda. Ife a pamsika tisadabwe. Phindu la pa foni yotsika mtengo ndi lochepa, ndiye kampani imalandira ndalama kwa eni ma app kuti iwaike m'foni, ndipo imadyanso pa zotsatsa zimene zimatumphuka mukamatsegula. Foni ija munaigula motchipa, koma kasitomala weniweni wa kampaniyo ndi wotsatsa malonda, inu ndinu benchi imene waikapo katundu wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunyoza foni yotchipa ayi. Popanda iyo ambiri a ife bwenzi tikulembabe makalata opatsira kondakitala wa basi. Ndikungoti tidziwe mtengo wake wonse, osati wa pa risiti wokha.

Mtengo wobisikawo kuno ku Chama timaumva kuposa a m'tauni. Wa ku Lusaka akhoza kupeza Wi-Fi ku ofesi, ife chilichonse ndi bundle yogula ndi phindu la meda ya mpunga. App imene simunaitsegulepo imatha kudzikonza yokha, kukoka zithunzi zotsatsa, bundle ya sabata n'kutha Lachitatu. Kachiwiri, malo. Foni ya 16 GB kapena 32 GB, gawo lalikulu latengedwa kale ndi chipinda cha opanga, ndiye alendowa akadzaza chotsalacho WhatsApp imayamba kukana zithunzi. Kachitatu, batire. Amene amatchajitsa pa sola ya aneba kapena pa kantemba kolipira akudziwa zimene ndikunena, ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima maola ambirimbiri, dziko lonse linaphunzira kuwerengera batire ngati mchere. Kwa mlimi wa kwa Chifunda kapena kwa Chikwa, amene amakwera pachulu kuti apeze netiweki, mphindi zisanu zimene foni ikuzizira ndi nkhani yaikulu.

Ine zinandionekera nyengo ya mpunga watsopano. Sinditchula mtundu wa foni yanga, chifukwa khalidweli si la kampani imodzi. Kasitomala wanga wa ku Chipata anaoda matumba khumi ndi awiri, ndipo tinapangana kuti akatumiza ndalama anditumizirenso chithunzi cha nambala ya galimoto imene ikubwera kudzatenga katundu. Usiku foni inalandira update. M'mawa ndikuona pa sikirini tizithunzi tachilendo tisanu, tiwiri mwa ito tomwe ndinatichotsa chaka chomwecho. Bundle yatha, malo adzaza, WhatsApp ikungozungulira. Mmene ndimagula bundle ina ndi kuchotsa alendowo, dalaivala anali atazungulira msika osandipeza, wanyamula za ena, wagwira msewu wa Lundazi. Amene mumaudziwa msewu umenewo mukudziwa kuti galimoto si ya tsiku lililonse. Katundu anakhala masiku anayi, ndipo kasitomalayo anayamba kuyankhula ngati ndamudyera. Pamsika dzina ndiye mpamba. Ukataya ndalama ubwereka ku chilimba, koma ukataya dzina ubwereka kwa ndani? Kuyambira pamenepo ndinakhala pansi ndi mwana wa mlongo wanga amene anaphunzira za makompyuta, n'kumufunsa chimodzichimodzi mpaka ndinamvetsa.

Ambiri mwa ma app amenewa ndi osowetsa mtendere chabe, koma ena ndi akuba enieni, ndipo nkhani yake inalembedwa. Mu August 2020, gulu lofufuza la Secure-D la kampani ya Upstream linalengeza kuti mafoni okwana 53,000 a Tecno W2, ogulitsidwa m'maiko monga Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa, anafika m'manja mwa ogula ali kale ndi pulogalamu yoipa yotchedwa Triada. Triada inkaitana inzake yotchedwa xHelper, imene inkalembetsa mwini foni ku zinthu zolipira iye osadziwa, talk time ndi bundle n'kumapita. Transsion, kampani ya ku Shenzhen ku China imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix, inayankha kuti vutolo linali lakale, linachokera kwa wina mwa amene amaigulitsa zipangizo, ndipo inali itatulutsa kale chokonzera. Chimene chinazunguza akatswiri pa xHelper n'chakuti munthu ankatha kuchita factory reset, kufufuta zonse, iyo n'kubwereranso. Google nayo inavomereza mu 2019 kuti Triada inalowetsedwa m'mafoni ena asanatuluke n'komwe ku fakitale. Dzira m'njere, monga ndanena.

Choncho musadzione ngati mbuli. Nkhondo imeneyi ikumenyedwa ndi maboma. South Korea inaika malangizo mu 2014 akuti ogula azitha kuchotsa ma app osafunikira amene abwera ndi foni. Mu January 2020 mabungwe opitirira 50, motsogozedwa ndi Privacy International ya ku London, analembera kalata mkulu wa Google, Sundar Pichai, kudandaula kuti ogula mafoni otchipa ndi amene akudyeredwa kwambiri masuku pamutu, ndipo anapempha kuti munthu azitha kuchotseratu app iliyonse yotere. China inayamba pa 1 January 2023 kulamula kuti ma app onse obwera ndi foni, kupatula ofunikira kwenikweni, azichotseka. Maiko a European Union nawo ali ndi lamulo la Digital Markets Act limene kuyambira March 2024 likukakamiza makampani akuluakulu kulola zomwezo. Kuno kwathu tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021, tili ndi ZICTA yoyang'anira za mafoni, ndi CCPC yoteteza ogula. Koma pamene akuluakulu akukambirana, bundle ikutha ndi yanu. Tiyeni tichite zimene dzanja lathu lingafike.

Ndiyambe ndi chenjezo. Ena akamva zimenezi amati, basi ine update sindidzalolanso. Musatero. M'ma update omwewo ndi mmene mumabwera zotseka mabowo amene akuba amalowera, ndipo foni imene mumasungira Airtel Money, MTN MoMo kapena Zamtel Kwacha, foni imene agogo amalandirira Social Cash Transfer, siyenera kukhala ndi mabowo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamuponya mwala uswa mkhate wako womwe. Update ilandireni, koma muilandire pa nthawi yanu, muli maso. Maina a m'ma menu amasiyana pang'ono malinga ndi foni, koma njira ndi zomwezi.

Choyamba, yesani kuchotsa, zikakanika tsekerani. Pitani ku Settings, kenako Apps, sankhani app imene simuifuna. Mukaona Uninstall, dinani. Mukapanda kuona, funani Disable. Musanadine Disable, lowani pa Storage n'kudina Clear data kuti malo abwerere. App yochitidwa Disable ili ngati nankafumbwe wa m'thumba la PICS: alimo, koma sapuma, sadya, saswana. Sioneka pa sikirini, sidya bundle, sidzikonza. Pa mafoni ambiri imakhalabe yotsekeredwa ngakhale update itadutsa, pamene yongochotsedwa pa sikirini imakhala ili moyo. Kukoka kachithunzi n'kukataya pa Remove si kuchotsa ayi, kuli ngati kubisa mbale yakuda kuseri kwa chitseko.

Chachiwiri, imene ikukana Uninstall ndi Disable yomwe, imaneni chakudya. Pamalo pomwepo lowani pa Mobile data n'kuzimitsa Background data. Lowani pa Notifications n'kuzimitsa zonse. Lowani pa Permissions n'kuilanda chilichonse chimene siifunika. Dzifunseni monga mumafunsira mlendo: kasewero ka mpira kakufuniranji manambala a anthu anga? Tochi ikufuniranji kuwerenga mauthenga anga? Yatsaninso Data Saver, kuti ma app asamadye bundle foni ili m'thumba.

Chachitatu, gwirani kapitawo. Ku Settings funani Special app access, kenako Install unknown apps. Mupeza mndandanda wa ma app amene ali ndi chilolezo choika anzawo pa foni. Zimitsani onse. Tsiku limene mwafunadi kulandira app kwa mnzanu, muyatsa kamodzi n'kuzimitsanso. Kenako tsegulani Play Store, dinani pachithunzi chanu, Settings, Network preferences, Auto-update apps, n'kusankha kuti isamadzikonze yokha kapena izitero pa Wi-Fi pokha. Ngati foni ili ndi msika wina wa ma app wa opanga foniyo, lowaninso mmenemo muzimitse zomwezo, pamodzi ndi chilichonse cholembedwa Recommendations kapena Suggestions. Mukazimitsa zimenezi, ntchito yagwera inu: kamodzi pamwezi tsegulani Play Store, mukonze nokha WhatsApp, app ya banki ndi zina zimene mumagwiritsadi ntchito.

Chachinayi, tsiku la update likhale losankha inu. Osati m'mawa wa tsiku la msika, osati pamene mukudikira galimoto kapena uthenga wa FRA. Sankhani madzulo, batire itadzaza, bundle ilipo yokwanira kapena muli pamalo a Wi-Fi. Musanayambe, jambulani sikirini yanu kapena lembani m'kope lija la ngongole maina a ma app amene muli nawo. Update ikatha, foni ikakufunsani mafunso, werengani tsamba lililonse. Paliponse pamene pali Skip, Not now kapena No thanks, yankho ndi limenelo. Mukaona mndandanda wochongedwa kale, chotsani zochongazo chimodzichimodzi. Mukatero bwererani ku Settings, Apps, muyerekeze ndi zimene munalemba. Wachilendo aliyense, Uninstall kapena Disable pomwepo asanazike mizu. Ndi ntchito ya mphindi khumi. Timawerenga matumba galimoto ikatsitsa katundu, nanga foni tilekerenji?

Chachisanu, muziyang'ana amene akudya. Ku Settings kuli malo otchedwa Data usage, amene amaonetsa app iliyonse ndi kuchuluka kwa bundle imene yadya. Mukapeza pamwamba dzina limene simulidziwa, mwamugwira. Mu Play Store mulinso Play Protect, imene imafufuza ma app oipa, iyendetseni. Talk time ikamachepa popanda kuimba, imbirani kampani yanu ya netiweki muwauze akuwerengereni zonse zolipira zimene nambala yanu inalembetsedwa, ndipo azichotse. Lembani tsiku limene mwaimba. Akapanda kukuthandizani, dandaulo lipite ku ZICTA. Safunsa anadya phula.

Pali njira ina ya akatswiri imene achinyamata amaikonda. Amalumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe, kuyatsa USB debugging, n'kugwiritsa chida chotchedwa ADB kuchotsa ngakhale ma app okana Disable. Imagwira ntchito, koma dziwani zinthu zitatu. App yochotsedwa motere imachoka kumbali yanu chabe, m'chipinda chokhoma ikadalimo, ndipo factory reset imaibweza, nthawi zinanso update yaikulu. Kachiwiri, wochotsayo akaphonya n'kuchotsa chofunika, foni ikhoza kuleka kuimba kapena kuyaka kumene. Kachitatu, USB debugging ikatsala yoyaka ndi khomo lotsegula. Ngati mwapita nayo kwa wokonza, khalani pomwepo, akulembereni zimene wachotsa, azimitse USB debugging inu mukuona, ndipo PIN ya ndalama musamupatse olo atakhala mwana wa achimwene anu. Wina akakuuzani kuti aichite root kuti zonse zitheretu, kanani. Kumeneko ndi kuthyola loko wa nyumba yonse pofuna kutulutsa khoswe mmodzi. Ma app ambiri a banki amakana kugwira pa foni yotere, ndipo waranti imathera pomwepo.

Inu amene munatenga foni ya ngongole yolipira pang'onopang'ono, mvetserani apa. Muli app imene imakhoma foni mukachedwa kulipira. Imeneyo si nankafumbwe ayi, ndi pangano limene munasaina. Musapite nayo kwa anyamata kuti aichotse. Mukhoza kuononga foni, ngongole n'kutsala, ndipo ndi kusakhulupirika. Malizani kulipira, kenako muwauze eni ake aichotse okha. Munthu amene amafuna kuti omukongola mpunga amubwezere, nayenso abweze.

Chenjezo lalikulu ndi la timakampani ta kaloba ta pa foni. Zotsatsa zake zimakonda kutulukira m'ma app omwewa amene sitinawaitane: ndalama m'mphindi zisanu, popanda chikole. Chikole chilipo, ndi manambala a abale anu ndi zithunzi zanu. M'maiko angapo obwereketsa otere akhala akutumiza mauthenga onyoza kwa achibale a munthu amene wachedwa kubweza, mpaka Google inaika lamulo kuyambira pa 31 May 2023 loletsa ma app a ngongole a mu Play Store kuona zithunzi ndi manambala a pa foni. Ndiye app ya ngongole ikakupemphani chilolezo cha Contacts, dziwani kuti mwakumana ndi fisi. Bola village banking yathu ija, pamene wokukongozani mumaonana naye maso ndi maso.

Aphunzitsi ndi alembi a m'mipingo amene muli ndi laputopu, nanunso simunapulumuke. Pamene Windows 10 imatuluka mu 2015, Microsoft inalengeza yokha kuti kasewero ka Candy Crush Saga kazibwera nayo, ndipo anthu ambiri anadandaula kuti ma app amene anachotsa amabwerera update yaikulu ikadutsa. Mankhwala ndi ofanana: chotsani ku Settings, zimitsani Suggestions pa Start, uzani kompyuta kuti intaneti yanu ndi Metered connection kuti isamakoke zinthu mwachisawawa pa bundle ya foni, ndipo muwerengenso katundu update ikatha.

Owerenga Mawu mwakumbukira kale fanizo la pa Mateyu 12, ndime 43 mpaka 45, la nyumba imene inasesedwa bwino koma n'kusiyidwa yopanda mwini, wotulutsidwa uja n'kubwerera ndi anzake. Sindilalikira pa ilo lero, mulisinkhesinkhe nokha. Ndingotengapo kamodzi: kusesa n'kofunika, koma nyumba imasungika ndi mwini amene amagonamo, amene amadziwa khomo lililonse ndipo amafunsa wogogoda kuti ndani. Foni munaigula ndi thukuta lanu, la kumunda kapena la pamsika. Mwini wake ndi inu. Kampani ili ndi kiyi wa chipinda chimodzi, koma chilolezo cha bundle yanu, manambala anu ndi ndalama zanu chili m'dzanja lanu, ndipo mukhoza kuchikana.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa achinyamata. Zimene ndalembazi kwa inu ndi zophweka, mwina mukuseka kuti adada atulukira lero zimene ife tinadziwa kale. Chabwino. Koma taganizirani amama a Mothers' Union amene ma menu a Chingelezi amawaona ngati nyerere, agogo amene foni anawagulira mwana wa ku Kitwe, mlimi wa kwa Tembwe kapena kwa Kambombo amene amabwera ku boma kamodzi pamwezi. Iwo ndi amene amalipira kwambiri, ndipo sadandaula chifukwa amaganiza kuti foni ndi mmene imakhalira. Sabata ino aliyense wa inu atenge foni ya munthu wamkulu mmodzi, akhale naye pansi pa mtengo, achite naye zisanu zija. Foni ikhale m'manja mwa mwini wake, inu muzingoloza, kuti mawa adzathe yekha. Musachotse kanthu musanamufunse, chifukwa kawailesi kamene inu mukukaona ngati chinyalala mwina ndiye kamene kamamuchezetsa usiku. PIN akamalemba, yang'anani kumbali. Ndipo musamulipiritse.

Anzanga a pamsika, ife tichite chonchi: tsiku limene timasonkha za chilimba, tisanabalalike, aliyense atsegule Data usage tione amene akudya phindu lathu. Amene wapeza dzina lachilendo afunse mnzake asanadine chilichonse. Amene ali ndi funso andipeze pa benchi ya mpunga, kapena tikaweruka Lamulungu.

 Tumizirani ena amene akuvutika ndi zimenezi. Ambuye akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu, adalitse minda yanu ndi malonda anu.